Khola la abulu la m'munda lisafike mvula lili malo amodzi

Mwezi uno wa Disembala ndayenda m'midzi ya kumalire a Dedza ndi Lilongwe, chakufupi ndi Mitundu, kumene makomo ambiri ali ndi ngolo ya abulu, ndipo zomwe ndaona zandiwawa mumtima. Makola osunthika a abulu aja tinkalimbikitsana kumanga kuti tiziwasuntha sabata iliyonse, alimi anamangadi, ena okongola ndithu, a nsungwi ndi denga la udzu. Koma chiwaimikireni m'munda mu Julaye atangotha kukolola, ambiri sanawagwirenso. Chizimalupsa chinawapeza pomwepo, mvula yobzalira inawapezanso pomwepo. Pena mwini munda waunga mizere mozungulira, wabzala, chimanga chamera, khola lili tsonga pakati ngati chulu, abulu ali chiimire m'matope osakanikirana ndi ndowe ofika m'akakolo.

Khola limeneli tinalichotsa kumudzi n'kuliika m'munda kuti bulu azithira yekha manyowa pamene tikufuna, ife tisavutike kusenza pamutu, komanso kuti mkodzo, womwe kumudzi umangolowa pansi pachabe, ulowe m'nthaka yomwe tidzabzalemo. Tiwerengere limodzi. Khola la abulu awiri la mamita 6 mulitali ndi 6 mulifupi limatenga malo okwana masikweya mita 36. Kuchokera kumayambiriro a Julaye kufika kumapeto a Okutobala pali masabata 17. Mukamalisuntha sabata iliyonse, mvula imakupezani mwathira malo opitirira masikweya mita 600, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 a ekala, osagula kanthu. Mukalisiya chikhalire mwathira 36 yokhayo, ndipo ngakhale pamenepo mwaononga.

Ndikuti mwaononga chifukwa ndakumbapo ndi khasu m'minda ingapo. Pamwamba pali phala la ndowe, koma pansi pake nthaka yagwirana gwa chifukwa cha kupondedwa ndi ziboda miyezi inayi. Madzi salowa, amangoima kapena kuyenderera n'kukokolola ndowe zija kupita nazo kudambo. Chimanga choyandikira khola chimapsa chidakali chaching'ono chifukwa mkodzo wachuluka, chomwe chapulumuka chimatalika mobiriwira mochititsa kaso koma mphepo ikangowomba chili pansi. Mamita khumi okha kuchokera pamenepo, m'munda womwewo, chimanga ndi chachikasu, chikudikira feteleza yemwe mwini wake sakudziwa kuti ndalama yake ichokera kuti. Fungo lolasa m'mphuno lija mumamva m'mawa mukafika pakhola ndi chakudya cha mbewu chikuthawira mumlengalenga. Bonongwe ndi chisoso ndiye amasangalala pamalo otere.

Koma za nthaka zili apo, chachikulu chomwe chandilembetsa ndi ziboda. Bulu kwawo kwenikweni ndi kouma, kumpoto chakum'mawa kwa Africa, kwa miyala ndi mchenga. Chiboda chake chimamwa madzi kuposa cha kavalo, ndipo chikakhala m'chinyezi masiku ambiri chimafewa. Mukachinyamula n'kuyang'ana kunsi, pali kamnofu kolimba kosongoka ngati nsonga ya mkondo, kali ndi tingalande mbali zonse ziwiri. M'tingalande timenemo ndi momwe ndowe zonyowa zimamatirira, tizilombo n'kuyamba kudya. Mukatokosa ndi kamtengo mumatuluka zakuda bii, zamadzimadzi, zonunkha moti simungaiwale. Kwina kuola kumalowera pamene khoma la chiboda limalumikizana ndi chapansi, khomalo n'kuyamba kufumbutuka ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe. Zikafika apo kuchira kwake ndi kwa miyezi, chifukwa muyenera kudikira chiboda chatsopano chimere kuchokera kumwamba.

Choipa china n'choti bulu salira akamva ululu. Amangoima duu, makutu ali khoba, n'kumadya monyinyirika. Pamene mukuona kuti akutsimphina, matenda apita kale patali. Khalidwe limeneli ndi lomwe linabala bodza lija ndimalimva tsiku ndi tsiku, loti "bulu ndi wolimba, sadwala". Ndatopa nalo bodza limeneli. Ng'ombe ikangotsokomola kamodzi anthu amathamangira kwa alangizi a ziweto, koma bulu yemwe akudyetsa banja lonse ndi ngolo amamusiya mpaka agone pansi. Ubweya wakenso sukana madzi ngati wa kavalo, akavumbidwa amanyowa mpaka pakhungu, ndiye taganizani denga la udzu wa mu Julaye lomwe latha kale mbali imodzi.

Bambo wina wachikulire, yemwe amasenza njerwa ndi mchenga pamsika wa kwawoko, anandiimitsa panjira. "Alangizi, tabwerani mudzaone, bulu wamkaziyu waponda minga koma mingayo sindikuiona." Tinapita. Khola lake linali lolimba kwambiri, mitengo ya bulugamu yokumbira pansi mozama, yokhoma ndi misomali, waya wozungulira katatu. Nditanyamula mwendo wakutsogolo wa buluyo, fungo lokha linawabweza m'mbuyo. Mayi a kunyumba, omwe anabwera ndi khasu paphewa, anati, "Ine ndinanena kale, bambo, kuti fungo limeneli si la ndowe chabe." Bambowo anali atathira oilo wakuda wa galimoto pachibodacho masiku atatu, ati ndi momwe ankachitira malume awo. Nditawafunsa chifukwa chomwe sanasunthire khola, anati, "Mwana wanga, kuno kuli afisi ndi akuba. Mitengoyi ndinaizika kuti chilombo chisalowe. Kuti ndizule zonsezi ndi ntchito ya tsiku lathunthu, nanga njerwa za anthu asenza ndani?" Sindinawatsutse za afisi, alipodi. Koma tsopano ngolo yawo yaima sabata yachiwiri, nthawi yomwe aliyense akufuna womunyamulira feteleza ndi mbewu, chifukwa bulu mmodzi sangakoke katundu wa awiri. Tsiku limodzi lija ankaliumira labala masiku khumi ndi anayi opanda ndalama, ndipo sitinathe kuwerenga.

Vuto la bambowa ndi la ambiri: akumanga khola la m'munda ndi maganizo a khola la kumudzi. Makolo athu ankamanga kamodzi, n'kumakumbamo manyowa pachaka, ndipo anthu akuti zinkayenda. Zinkayenda bwanji pamene ng'ombe zinkamira mpaka m'mimba mu Febuluwale? Chizolowezi chimenecho tisachitengere kumunda. Kusuntha khola si nzeru yachilendo ayi. Alozi a kumadzulo kwa Zambia, omwe minda yawo ndi ya mchenga, akhala akusuntha makola a ng'ombe m'minda kuyambira kalekale, amati kutulisa. Ngakhale ku Britain eni akavalo ali ndi makola a matabwa okhala pa zitsulo zokhwekhwereza, amawakoka ndi thirakitala kupita pena pakayamba matope. Ife thirakitala tilibe, n'chifukwa chake khola lathu liyenera kukhala lopepuka loti anthu awiri anyamule chigawochigawo. Khola lomwe simungalisunthe pa ola limodzi mwamanga molakwika, ngakhale likhale lokongola chotani.

Pali nkhani ya njoka za m'mimba, yomwe ndi chifukwa chenicheni chomwe timanenera kuti khola lisapitirire sabata imodzi pamalo amodzi. Mazira a njokazi amatuluka ndi ndowe. Kukakhala kofunda ndi konyowa, pakatha pafupifupi masiku 7 amakhala ataswa tiana tomwe tingalowenso mwa bulu. M'chilimwe dzuwa limaumitsa ndowe n'kupha tambiri, koma chizimalupsa chikangogwa pakhola lomwe ladzaza ndowe za miyezi itatu, ndi chikondwerero cha njoka. Pamwamba pa apo mwana amabwera ndi mapesi ndi masangwi n'kungoponya pansi, pandowe pomwepo. Mugula mankhwala, mum'mwetsa bulu, mawa lake wameza zina. Nthiti zikuonekabe, ubweya uli nyankhalala, inu n'kumati mankhwala a masiku ano ndi achabe. Ntchentche zoluma zija zimatupitsa miyendo ya abulu mpaka zilonda zimaswananso m'zinyalala zonyowa zosakanikirana ndi ndowe ndi mkodzo. Ndipo misomali ndi zidutswa za waya zomwe zimakwiririka m'matopemo, bulu akaponda, ndi khomo la kafumbata, matenda omwe akagwira bulu kawirikawiri amapita naye.

Chochita pano sichifuna ndalama. Ngati khola lanu lidakali m'munda, litulutseni lero, nyengo yake inatha, abulu abwerere kumudzi pamalo okwera, ouma, pansi pa denga losadontha. Abulu awiri amafuna denga la mamita 3 mulitali ndi 3 mulifupi. Nyamulani chiboda chilichonse m'mawa uliwonse, tokosani ndi kamtengo kosasongoka kwambiri, ndipo pomwe pakununkha tsukani ndi madzi a mchere, umitsani, pakani ayodini. Oilo wakuda ayi. Ngati akutsimphina, kapena wasiya kudya ngakhale tsiku limodzi, itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo, ndipo musaseme chiboda nokha ndi chikwanje. Ndowe zaunjikana pamalo pajapo zipaleni, muziunjike pambali ziwolerane ndi zinyalala, pansipo mugalauze mozama.

Chaka chamawa mangani zigawo za nsungwi zomanga ndi chingwe cha khonje kapena linya, mitengo yozika ikhale ya m'ngodya yokha, minga yotchingira afisi muziikokera kunja. Yambirani kumtunda kumene munda unaguga kwambiri, musunthe tsiku limodzi lodziwika pa sabata, kaya Loweruka madzulo, ndipo pomwe mwachoka kwirirani ndowe ndi dothi pang'ono tsiku lomwelo. Mapesi aziikidwa pakathandala, madzi akumwa asasowe. Chizimalupsa chikagwa muzisuntha pakatha masiku atatu kapena anayi, ndipo mvula yobzalira isanafike khola likhale litatuluka m'munda.