Madzi ankafika ofooka pampopi, vuto linali m'kati mwa paipi

Thanki yathu ili pamwamba ndithu, koma ndowa ya malita 20 inkatenga mphindi 6 kuti idzadze. Ndinasintha mpopi, ndinatsukanso sefa, koma ayi ndithu.

Kenako ndinadula kachidutswa ka paipi yachitsulo yakale ija ndi sowo. M'katimo munali dzimbiri lokhakhala, la timabuthu, moti chala chinkakodwa ndikapisamo. Madzi akamakhulana ndi khoma lotere amavunduka n'kutaya mphamvu, ndipo paipi ikatalika amafika atatheratu. Ngakhale paipi yachitsulo yatsopano ya galvanized (yokutidwa ndi zinki) imakhala yokhakhala kuwirikiza pafupifupi ka 100 poyerekeza ndi yapulasitiki ya PVC.

Ndinaika ya PVC yokulirapo pang'ono, ya mamilimita 32, ndinachepetsa mokhota, n'kumata ndi guluu wake. Pano ndowa ikudzadza m'mphindi 2.