Mmene mungakonzekerere m'bindikiro wa tsiku limodzi ndi anzanu a ku yunivesite

Zofunika: Baibulo, kope, cholembera, madzi akumwa, ndalama ya minibasi, ndi juzi ngati mukupita kuphiri la Zomba.

1. Lembetsani dzina kwa atsogoleri a gulu lanu, kaya SCOM kaya la mpingo wanu.
2. Funsani ngati kudzakhale kusala kudya. Ngati muli ndi matenda a shuga kapena mukumwa mankhwala, auzeni atsogoleriwo ndipo musasale.
3. Malizani ntchito za m'kalasi dzulo lake.
4. Mukafika, zimitsani foni.
5. Ambiri amaphonya pa nthawi yokhala chete: amakhala pafupi ndi mnzawo n'kuyamba kunong'onezana za mayeso. Khalani panokha, werengani ndime mwapatsidwayo kawiri katatu, lembani chakukhudzani, pempherani.
6. Pokambirana m'magulu, zomwe mnzanu waulula zithere pomwepo, zisakafike ku hositelo.