Kasamalidwe ka maiwe a suweji kuti mtsinje wa Likangala usaipe

Madzi otuluka m'maiwe a suweji muno mu Zomba amathera kumtsinje, ndipo Likangala amakathira m'nyanja ya Chilwa, imene ilibe kotulutsira madzi ake. M'njira yonseyo anthu amachapa, amasamba, amathirira madimba ndi mpunga. Maiwe amayeretsa madzi ndi dzuwa komanso masiku amene madziwo agona m'dziwe. Choncho ntchito yaikulu ya woyang'anira ndi kuonetsetsa kuti masikuwo sakuchepa.

Yambirani polowera madzi. M'mawa ndi madzulo kokani ndi reki majumbo, matewera ndi nsanza zokodwa pa sefa ya zitsulo, mukazikwirire m'dzenje. Mchenga wodikha m'ngalande muufosholenso, chifukwa ukangolowa m'dziwe sutulukamo wokha.

Dziwe loyamba limakhala lakuya mamita 3 mpaka 5. Mmenemu zolemera zimadikha pansi n'kumaolera popanda mpweya. Vuto lake silioneka ndi maso: matope akamachuluka, malo a madzi amachepa, ndiye madzi oyenera kugona masiku awiri amangodutsa. Yezani matopewo kawiri pachaka. Kulungani thaulo loyera kunsonga ya mtengo wautali, muubaye mpaka pansi, kenako muuzule pang'onopang'ono. Pamene thaulo lada, ndi pomwe pafika matope. Akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa dziwe, achotsedwe. Nthawi yabwino ndi Ogasiti mpaka Okutobala, mvula isanayambe, kuti aume msanga. Musakokolole onse, siyanimo pang'ono kuti tizilombo tooletsa zonyansa tisathe. Alimi adzabwera kudzapempha matopewo ngati manyowa, koma musafulumire kuwapatsa. Mazira a njoka za m'mimba amakhalitsa amoyo, ndiye matope aunjikidwe pouma kosachepera chaka.

Dziwe lachiwiri, lakuya mita imodzi ndi theka, limaoneka ndi mtundu wake. Likabiriwira ndi ndere ndiye kuti lili bwino, pakuti nderezo ndi zimene zimapereka okosijeni. Likayamba kufiirira kapena kutuwa, n'kumanunkha ngati dzira lovunda, ndiye kuti zonyansa zachuluka kuposa mphamvu yake. Nthawi zambiri gwero lake ndi dziwe loyamba lodzaza matope, kapena magalimoto opopa zimbudzi amene akhuthula zambiri tsiku limodzi. Mu Juni ndi Julayi, kuzizira kwa kuno kukafika, tizilombo timagwira ntchito mochedwa, choncho muwagawire masiku magalimotowo. Namasupuni ndi zoyandama zonse zichotsedwe chifukwa zimatchinga dzuwa, ndipo udzu wa m'mphepete uzitchetchedwa kuti udzudzu usaswanemo.

Maiwe omalizira ndi osaya, pafupifupi mita imodzi, kuti dzuwa lilowe bwino ndi kupha majeremusi.

M'dzinja samalani madzi a mvula. Anthu ena amalumikiza mapaipi a padenga ku suweji, ndiponso maenje a suweji amene zivundikiro zake zinabedwa amameza madzi a mumsewu. Zikatero maiwe amasefukira, zonyansa n'kupita kumtsinje zosayeretsedwa, m'nyengo yomwe kolera amavuta. Yendani mzere wonse wa mapaipi mu Okutobala. Munthu asalowe m'dzenje la suweji ali yekha kapena lisanapitidwe mphepo, mpweya wa mmenemo umapha m'kanthawi kochepa.

Kuyera kwa madzi kusakunyengeni. Mwezi uliwonse tungani madzi malo atatu: kumtunda kwa paipi yotulutsira madzi mumtsinje, papaipi penipeni, ndi kumunsi kumene madzi asakanikirana. Mabotolo akhale a ku labotale, muwaike pa ayezi, akafike pasanathe maola 6. Malangizo a 1989 a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, ankati madzi othirira masamba odyedwa osaphika asapitirire majeremusi a m'chimbudzi 1,000 pa mamililita 100, ndi dzira limodzi la njoka za m'mimba pa lita. Ngati kumtunda nakonso kwaipa, fufuzani zimbudzi zokumba ndi zinyalala za m'mbali mwa mtsinje. Ngati kwaipa kumunsi kokha, bwererani ku dziwe loyamba ndi thaulo lija.