Momwe mungapangire ndege ya rimoti yoyendera batire kuno ku Zomba

Amene anakulira pa magalimoto a mawaya ali kale ndi luso lalikulu lofunika pa ntchito iyi: kuyeza, kupinda waya ndi kumanga chinthu chowongoka. Chimene galimoto ya mawaya siphunzitsa ndi nkhani ya kulemera. Galimoto ikalemera imayendabe. Ndege ikalemera, makamaka kulemerako kukathawira kumchira, simaliza ngakhale masekondi khumi m'mwamba. Choncho musanagule kalikonse pezani sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu, ndipo chilichonse chokwera pa ndegeyi chiyambe chadutsa pasikelopo.

Ndege imene tikufotokoza ndi yophunzirira: phiko lili pamwamba pa thupi, kutalika kwake masentimita 120, ndipo yonse ndi batire lomwe isapitirire magalamu 900. Imawongoleredwa ndi zinthu zitatu basi: mphamvu ya mota, elevator yokweza ndi kutsitsa mphuno, ndi rudder yokhotetsa. Za aileron (tizipsepse ta kumapiko topendeketsa ndege) ndi mateyala zisungireni ndege yachiwiri. Mabwalo athu ali ndi zitsinde za udzu ndi maenje, mateyala amangokodwa n'kugudubuza ndege. Iyi mudzaiponya ndi dzanja, ndipo idzatera pamimba.

Zofunika kugula

Za magetsi pafupifupi zonse muyenera kuitanitsa kunja, ndipo muyembekezere msonkho wa MRA zikafika. Batire la LiPo ndi limene limavuta kwambiri, poti onyamula katundu ambiri salilola pa ndege. Mufunseni wogulitsa musanalipire.

- Mota ya brushless, 2212 ya 1000KV
- Mapulopela a 10x4.5, osachepera anayi, chifukwa oyamba adzathyoka
- ESC ya 30A, kachipangizo kolamulira liwiro la mota, yokhala ndi BEC ya 5V yopereka magetsi ku risiva ndi ma servo
- Batire la LiPo 3S (la maselo atatu), 11.1V, 2200mAh, lolemera pafupifupi magalamu 180
- Tchaja ya balance, yodzaza maselo onse mofanana, monga iMAX B6
- Ma servo awiri a magalamu 9, timamota tosuntha elevator ndi rudder, monga SG90
- Rimoti ya 2.4GHz ndi risiva yake yokwera pa ndege, monga FlySky FS-i6

Zotsalazo n'zopezeka konkuno kapena ku Blantyre: mabolodi atatu a foam a 5 mm okutidwa ndi pepala mbali zonse, saizi ya A1; kachidutswa ka pulayiwudi ya 3 mm; nsungwi youma bwino; selotepi yaikulu yomatira makatoni; chubu chakale cha njinga; khadi lakale la pulasitiki; glue gun, epoxy, sandipepa, rula yachitsulo ndi mpeni wa leza.

Za guluu muzimvetse bwino. Super glue, guluu womatira nsapato ndi penti yopopera zimadya foam, n'kusiya dzenje pamene mumafuna kulimbitsa. Guluu wa glue gun ndi wabwino koma amalemera, komanso amafewa pa dzuwa la Okutobala kapena m'galimoto yotseka. Pakani kamzere kochepa, wotsala mum'palepo ndi kachidutswa ka foam asanaume. Pamalo onyamula mphamvu, monga pamota ndi pakati pa phiko, ikani epoxy.

Phiko

Dulani zidutswa ziwiri za 60 cm ndi 20 cm, ndi zina ziwiri za 60 cm ndi 10 cm. Zing'onozing'onozo zimatidwa pamwamba pa zazikulu, kutsogolo, kotero kuti theka lakutsogolo la phiko likhale lochindikala kawiri ndipo pakati pakhale kasitepe. Phiko lotere amalitcha KFm2. Silikongola, koma limanyamula bwino ndipo silisiya kuuluka mwadzidzidzi liwiro likachepa.

Musanamate, sendani pepala la mbali zimene zikukumana mkati. Pepala ndi limene limalemeretsa bolodi. Sengani nsungwi ziwiri za 58 cm, zikhale zochindikala 5 mm, zowongoka ngati muvi. Nsungwi yaiwisi musayerekeze, imapindika ikamauma ndipo imapotoza phiko. Kumbani kangalande pa 6 cm kuchokera kutsogolo, goneketsani nsungwi m'menemo ndi epoxy, kenako vindikirani ndi chidutswa chapamwamba. Tsinjizani ndi mabuku patebulo losalala. Zikauma, khulani m'mphepete mwa kutsogolo ndi sandipepa mpaka mukhale mobulungira.

Polumikiza mapiko awiriwa, nsonga zake ziyenera kukwera m'mwamba ngati chilembo V chotambasuka. Goneketsani phiko limodzi patebulo, linalo likwezeni kunsonga ndi 11 cm. Khulani pokumanira pake kuti pagwirane popanda mpata, lowetsani kachidutswa ka pulayiwudi ka 16 cm kodulidwa mwa V yomweyo kuti kagwire nsungwi zonse ziwiri, matani ndi epoxy, n'kukulunga selotepi katatu. Kukwera kwa nsongaku ndi kumene kumapangitsa ndege kudziwongola yokha mukasiya rimoti, komanso ndi kumene kumalola rudder kuipendeketsa pokhota. Phiko lathyathyathya lopanda aileron silikhota, limangotsetsereka cham'mbali.

Thupi ndi mchira

Thupi ndi bokosi chabe: kutalika 82 cm, mulifupi 7 cm, msinkhu 9 cm, ndipo kuyambira kumbuyo kwa phiko limacheperachepera mpaka 3 cm kumchira. Mbali ziwirizo ziduleni mutazisanjikiza kuti zifanane ndendende. Ikani tizipupa titatu ta foam mkati. Kumphuno matani pulayiwudi ya 7 cm ndi 9 cm, pokhala mota. Phiko liyambire pa 17 cm kuchokera papulayiwudipo, ndipo pamwamba pa mphuno siyani kachitseko kolowetsera batire. Boolaninso timabowo tiwiri kutsogolo ndi kamodzi kumbuyo kwa phiko kuti mphepo izidutsa, apo ayi ESC imatentha n'kudula mota muli m'mwamba.

Mchira wopingasa ukhale 40 cm ndi 13 cm, ndipo 4 cm yakumbuyo ndiyo elevator. Woimirira ukhale 18 cm kutalika ndi 15 cm mulifupi, 5 cm yakumbuyo ndiyo rudder. Podula elevator ndi rudder musapyoze: siyani pepala la mbali imodzi likhale ngati hinji, mbali inayo sengani mopendeka kuti chiziyenda uku ndi uku, kenako limbitsani ndi selotepi. Pomata mchira yezani kuchokera pakati pa mphuno kukafika kunsonga iliyonse, miyezo iwiriyo ifanane. Mchira wokhota ndi theka la sentimita umakupatsani ndege yozungulira mbali imodzi moyo wake wonse.

Phiko musalimate pathupi. Pyozani timitengo tiwiri ta nsungwi m'thupi, kena kutsogolo kwa phiko kena kumbuyo, ndipo mangani phikolo ndi mphira zinayi zodulidwa ku chubu, ziwiri zowongoka ziwiri zopingasana. Ndege ikagunda pansi phiko limangosuntha m'malo mothyoka. Pansi pa mphepete yakutsogolo ikani kachidutswa ka foam ka 5 mm kuti phiko liyang'ane m'mwamba pang'ono.

Kumata selotepi

Mvula ya Zomba ndi chifunga cha chiperoni sizigwirizana ndi pepala. Likanyowa limasendeka, foam n'kutsala yofewa ngati buledi. Kutirani phiko ndi selotepi, mizere ikuyenda kuchokera pakati kupita kunsonga, kuyambira kumbuyo kubwera kutsogolo, uliwonse ukukwera pa unzake ndi 3 mm. Musaikoke kwambiri, imapinda phiko. Pamimba ikani kawiri. Pamwamba pakhale mtundu wowala, pansi mizere yakuda ikuluikulu, chifukwa ndege ikafika mamita 100, makamaka kumbuyo kwake kukakhala phiri, simuzindikiranso ngati ikubwera kapena ikupita.

Mota, ma servo ndi mawaya

Mota isayang'ane kutsogolo ndendende. Iloze pansi ndi kumanja ndi madigiri awiri. Mutaima kumbuyo kwa ndege, ikani washala mmodzi kapena awiri pakati pa pulayiwudi ndi mwendo wa mota wakumwamba chakumanzere. Popanda zimenezi, mukangowonjezera mphamvu ndege imadzutsa mphuno n'kupendekera kumanzere.

Mawaya atatu a mota alumikizeni ku ESC mulimonse. Mota ikazungulira chobwerera, sinthanitsani awiri alionse. Mukaiyang'ana kutsogolo iyenera kuzungulira mosemphana ndi wotchi. Ngati mapulagi a XT60 olumikiza batire ku ESC afunika kuwotcherera ndipo mulibe chowotcherera champhamvu, okonza mawailesi ndi mafoni pamsika angakuchitireni, koma muonetsetse nokha kuti wofiira wapita pa + ndipo wakuda pa −. Kusemphanitsa kamodzi kokha ESC yapsa.

Ma servo akhale pansi pa phiko chakumbuyo, osati kumchira. Galamu imodzi yoikidwa kumchira imafuna magalamu atatu kapena anayi kumphuno kuti ndege ilinganenso. N'chifukwa chake masipoko a njinga, ngakhale amaoneka ngati oyenera, si abwino pokankhira elevator: amalemera, ndiponso salowa m'mabowo a servo. Sengani timitengo ta nsungwi ta 3 mm, kunsonga zonse mangirirani waya wolimba wa 1 mm ndi ulusi wosokera, n'kudonthezera super glue paulusipo muli kutali ndi foam. Wayawo upindeni ngati Z. Tinyanga tokokera elevator ndi rudder dulani ku khadi la pulasitiki, ndipo bowo lake likhale moyang'anizana ndi hinji. Kamtengo kakamapindika pokankha, kadutsitseni m'kachipupa ka foam pakati pa njira.

Kukonza rimoti

Chotsani pulopela. Zonse za m'gawo lino zichitike pulopela ali m'thumba, chifukwa amang'amba chala mpaka pafupa.

Pa risiva ya FlySky, rudder ilowe pa CH1 kuti muzikhotera ndi dzanja lamanja, elevator pa CH2, ESC pa CH3. Nthawi zonse yambani kuyatsa rimoti, kenako batire la ndege, ndipo pozimitsa yambani ndi ndege. Ma servo akadziika pakati, m'pamene mumange mikono yake moimirira ndi kulumikiza timitengo, elevator ndi rudder zili zowongoka.

Imani kumbuyo kwa ndege. Mukakokera ndodo yakumanja kwa inu, elevator ikwere. Mukaikankhira kumanja, rudder ipite kumanja. Zikasemphana, sinthani pa Reverse mu rimoti. Elevator iziyenda 10 mpaka 12 mm mbali iliyonse, rudder 15 mpaka 20 mm. Zikapitirira, sunthirani waya pabowo lamkati la mkono wa servo. Ikaninso failsafe, yomwe imagwira ntchito ndege ikasiya kumva rimoti, kuti CH3 itsike pa −100%, ndipo muyese: mota ikuzungulira pang'ono zimitsani rimoti, motayo ime. Timaeriyo tiwiri ta risiva tiyang'ane mosiyana ngati ngodya ya nyumba, kutali ndi batire ndi ESC. Pomaliza bwezerani pulopela, manambala ake akuyang'ana kutsogolo. Akatembenuka amalira kwambiri koma sakoka.

Polinganira ndege

Apa m'pamene pagona ntchito yonse. Pansi pa phiko, mbali zonse za thupi, lembani chizindikiro pa 5.5 cm kuchokera kutsogolo. Batire lili m'malo mwake, nyamulani ndege ndi nsonga za zala ziwiri pazizindikirozo. Ikhale yowongoka kapena mphuno itsike pang'ono. Mchira ukatsika, sunthirani batire kutsogolo. Likafika kumapeto mchira ukadali pansi, matani ndalama zachitsulo kumphuno, ngakhale zikukupwetekani mtima kuwonjezera kulemera. Ndege yolemera kumchira imadzuka n'kugwa, kudzuka n'kugwa, ndipo palibe chala chimene chingaigwire. Malo a batire akapezeka, alembeni ndipo lizimangidwa ndi velcro. Batire losuntha m'mwamba limasintha zonse zimene mwayeza.

Kokaulutsira

Zomba si tauni youlutsa paliponse. Khalani kutali ndi bwalo la ndege za asilikali la Airwing, Cobbe Barracks, State House, ndende, chipatala chachikulu ndi mawaya a ESCOM. Ndege zopanda munthu zili pansi pa akuluakulu oona za kayendedwe ka ndege, choncho afunseni zimene akufuna musanayambe. Musaikweze kupitirira malire amene angakuuzeni ndipo isachoke m'maso mwanu. Bwalo la mpira lopanda mitengo ndi labwino, mutapempha kwa ahedi kapena amfumu. Ana adzabwera ndithu, ndiye pakhale munthu wowasunga kumbuyo kwanu.

Ulutsani pakati pa 6 ndi 8 koloko m'mawa. Mwera wa mu Juni ndi Julayi umaposa liwiro la kandege aka, masana a Okutobala kumakhala akamvuluvulu, ndipo m'munsi mwenimweni mwa phiri mphepo imazungulira mosadziwika. Tauni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900, mpweya ndi wopepukirapo kusiyana ndi kunyanja yamchere, choncho ndege imafuna liwiro lochulukirapo kuposa zimene mumaona pa YouTube.

Mnzanu agwire ndege mota ikuzungulira pang'ono, inu muyende masitepe 100 mukusuntha ndodo. Ma servo akamanjenjemera kapena kuchedwa, musaulutse. Zikakhala bwino, yang'anani kumene mphepo ikuchokera, kwezani mphamvu kufika magawo atatu mwa anayi, ndipo mnzanuyo aiponye mowongoka, osati moloza kumwamba. Ilekeni itenge liwiro, kenako kokani elevator pang'ono. Kwerani kupitirira mitengo musanakhote. Ikamabwera kwa inu, kumanja ndi kumanzere zimasemphana: kankhirani ndodo kumbali ya phiko limene latsika. Ikamadzutsa mphuno mphamvu zikachuluka, wonjezerani washala kumwamba kwa mota. Ikamafuna kukokedwa elevator nthawi zonse, bwezani batire kumbuyo ndi 5 mm.

Ikani alamu ya mphindi 7. Potera yang'anizanani ndi mphepo, chepetsani mphamvu pang'onopang'ono, zimitsani mota ndege ili mita imodzi kuchokera pansi, ndipo kokani elevator pang'ono ikamakhudza udzu.

Kusamala batire

Selo iliyonse imadzaza pa 4.2V, ndipo musaitsitse kupitirira 3.5V. Tchajani pa 2.2A, pa Balance, batire lili pasimenti kapena mumphika wadothi wokhala ndi mchenga, inu muli pomwepo. Magetsi akazima, iMAX B6 imalandira 11 mpaka 18V, choncho batire la galimoto kapena la sola likwanira. Ngati simuulutsa kwa masiku angapo, lisiyeni pa 3.8V selo iliyonse kudzera pa Storage. Batire limene lafufuma kapena laphwanyika pangozi musalitchajenso, ndipo lisagone m'nyumba.