Kuchita MPH uli pa ntchito ku Chigawo cha Kum'mawa ku Zambia

Master of Public Health (MPH), digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu, imafuna digiri yoyamba. Namwino kapena clinical officer wa dipuloma yokha ayambe wapeza digiri asanataye ndalama za fomu. Sonkhanitsani satifiketi ya Grade 12, transcript, makalata a okuchitirani umboni ndi laisensi imene sinathe nthawi ya HPCZ (bungwe lolembetsa ogwira ntchito zaumoyo) kapena ya NMCZ (la anamwino ndi azamba).

School of Public Health ya University of Zambia (UNZA) ili ku Ridgeway mu Lusaka, makilomita oposa 550 kuchokera ku Chipata, choncho muwerengeretu za nyumba ndi basi. University of Lusaka nayonso ili ndi MPH. Kulikonse kumene mwasankha, musalipire musanaone ngati Higher Education Authority inavomereza pulogalamuyo. Pepala lakunja, ngakhale la ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) ku Blantyre, lidzadutsa ku ZAQA, bungwe lotsimikizira mapepala a maphunziro.

Pempho la study leave lipite kudzera kwa akulu a chipatala chanu, ofesi ya zaumoyo ya boma lanu (district), kenako ya chigawo. Osanyamuka yankho lolembedwa lisanafike, mungaonedwe ngati mwathawa ntchito.

M'kalasi chimene chimathyola ambiri ndi biostatistics, masamu osanthula ziwerengero za zaumoyo. Gulani laputopu, ikani R, pulogalamu yaulere yosanthulira deta, muyambe kuyeserera miyezi ingapo sukulu isanatsegule.

Koma chochedwetsa digiri kwenikweni ndi kafukufuku. Sankhani funso laling'ono limene deta yake ili pafupi: malungo kwa ana osakwana zaka 5 m'boma limodzi, kapena amayi oyamba sikelo mochedwa. Musadalire DHIS2 yokha, pulogalamu ya pakompyuta yosungira malipoti a zipatala. Tsegulani marejisita enieni muone mipata yosalembedwa, chifukwa ikachuluka sample size yanu (chiwerengero cha anthu ofunika mu kafukufuku) sidzakwana. Chilolezo cha kafukufuku chili ndi mndandanda wake: supervisor ndi dipatimenti, komiti ya ethics (yoteteza anthu olowa mu kafukufuku) monga UNZABREC ya ku UNZA, National Health Research Authority, kenako ofesi ya chigawo ndi ya boma. Zimadya miyezi, ndipo deta yotoleredwa chilolezo chisanatuluke amaikana.

Fomu ya consent (yoti munthu avomere kulowa mu kafukufuku) imasuliridwe m'Chichewa, ina m'Chitumbuka ngati mukupita ku Lundazi, ndipo muiyese pa anthu ochepa kaye. Kumudzi yambirani kwa amfumu. Pewani December mpaka March: anthu amakhala kumunda, ndipo misewu ya ku Vubwi ndi ku Mambwe imavuta ndi matope.