Umboni wa munthu mmodzi si munda wachitsanzo

Chiyambire kugulitsa zokolola chaka chino, ndapeza mabotolo a makapisozi m'nyumba zambiri kuposa kale lonse. Lina alilemba kuti limatsuka magazi, lina limakweza chitetezo cha m'thupi, lina akuti limathana ndi shuga, BP ndi nyamakazi nthawi imodzi. Ndikafunsa kuti mwadziwa bwanji kuti zimenezi zimagwira, yankho silisintha: mayi wina pa WhatsApp akuti anachira, kapena wogulitsa anaonetsa vidiyo ya munthu akuthokoza misozi ili chuchuchu. Apa ndi pamene tikuphonya, ndipo zikundiwawa chifukwa amene akuphonyawo ndi alimi odziwa kuyesa zinthu.

Mbewu yatsopano ikabwera, ndani mwa inu amadzala munda wonse chifukwa choti wogulitsa wailankhulira bwino? Palibe. Mumafuna munda wachitsanzo: mizere iyi mbewu yatsopano, mizere iyo yakale, nthaka imodzi, tsiku lodzala limodzi, mvula imodzimodzi. Pokolola mumayeza. Mukudziwa kuti chaka cha mvula yabwino ngakhale mbewu yachabechabe imaoneka ngati ya akatswiri. Nanga bwanji zikafika pa thupi lanu nzeru imeneyi mukuisiya kumunda?

Chimfine chimatha chokha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Msana umawawa, n'kusiya, n'kuyambiranso. Munthu amagula botolo tsiku limene ululu wafika pachimake, ndiye kuchokera pamenepo ululuwo ukanatsika ndithu, botolo lilipo kapena palibe. Pali ndi chikhulupiriro: piritsi lopanda mankhwala alionse limapangitsa ena kumva bwino, madokotala amati placebo. Ndipo amene anamwa osaona kusintha, kapena anadwala nazo, sajambula vidiyo. Inu mumaona mizere yokhayo imene yabereka, yopserera aibisa.

Ngakhale ophunzira anagwapo m'mbuna yomweyi. M'zaka za m'ma 1980 ofufuza anaona kuti anthu odya kwambiri zipatso ndi masamba, amene magazi awo ali ndi beta-carotene wambiri, sadwala kwambiri khansa ya m'mapapo. Beta-carotene ndi chija chimapatsa karoti mtundu wake, ndipo thupi limachisandutsa vitamini A. Zinaoneka zachidziwikire kuti akachiika m'piritsi, osuta fodya atetezeka. Koma anayamba ayesa kaye. Ku Finland anatenga amuna osuta oposa 29,000, nawagawa m'magulu mwamaere, ena kulandira beta-carotene, ena piritsi lopanda kanthu, osadziwa kuti akumwa chiti. Zotsatira zitatuluka mu 1994, khansa ya m'mapapo inapezeka yochuluka ndi 18 peresenti mwa amene ankamwa beta-carotene. Kafukufuku wina ku America, wa anthu oposa 18,000, wopereka beta-carotene pamodzi ndi vitamini A, anamuimitsa mu 1996 nthawi yake isanakwane, chifukwa khansayo inakwera ndi 28 peresenti. Tangoganizani. Munthu aliyense m'magulu amenewo akanatha kuima pa kamera n'kunena kuti akumva bwino. Ngoziyo inaoneka pokhapokha mizere iwiri itaikidwa pambali ndi pambali.

Vitamini E naye anachita zomwezo. Amuna oposa 35,000 anayesedwa pofuna kuona ngati angapewe khansa ya prostate (kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo), ndipo lipoti la 2011 linasonyeza kuti omwa vitaminiyo ndi amene anaidwala mochulukirapo, ndi 17 peresenti. Choncho mawu akuti "ndi zachilengedwe, sizingapweteke" ndatopa nawo.

Pali bambo wina amene ndakhala ndikumuyendera pa nkhani ya manyowa. Ndi munthu wovuta kumukopa. Mbewu ina anaikana nyengo ziwiri zathunthu mpaka anaona yekha pa munda wa mnzake, anachita kuwerenga matumba. Mwezi wathawu ndinamupeza atakhala pansi pa mtengo, botolo lobiriwira lili m'thumba la malaya. Mapiritsi a BP ochokera kuchipatala anawasiya kalekale, akuti makapisoziwa amupepukitsa thupi ndipo mutu sukumuwawanso. Ndinamufunsa ngati wayezetsa. Anaseka, akuti thupi lake amalimva yekha. Tinakangana ndithu, mpaka akazi awo analowererapo. Atapita kukayezetsa anapeza BP ili pamwamba kuposa pamene ankayamba mankhwala. BP nthawi zambiri siwawa, imangodya mitsempha, mtima ndi impso mwakachetechete, kenako sitiroko. Anandiuza yekha kuti ndalama ya mabotolo atatu ikanamukwanira mbewu ya dimba lonse. Ine za ndalamazo sindinadandaule kwambiri, ndinkaganiza za miyezi imene anakhala opanda mankhwala.

Ena samasiya mankhwala, amangophatikiza, ndipo amaona ngati achenjera. Chitsamba chotchedwa St John's wort, chimene chimagulitsidwa m'makapisozi kwa anthu okhumudwa, chimafulumizitsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'magazi. Chimafooketsa ma ARV ena ndi mapiritsi olera. Munthu akumwa mankhwala ake mokhulupirika tsiku ndi tsiku, koma mphamvu yake ikutayika panjira.

Ndipo musanyengedwe ndi kalembedwe kokongola kapena dzina la dziko lakutali pa botolo. Ku America, lamulo la 1994 limalola kuti zowonjezera pa chakudya zigulitsidwe popanda bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala, kuvomereza kaye kuti zimagwira ntchito, pamene mankhwala enieni amayenera kudutsa m'mayeso asanafike pamsika. N'chifukwa chake mabotolo ambiri ali ndi timalemba ting'onoting'ono kumbuyo tonena kuti chinthucho sichichiza matenda alionse. Kutsogolo akulonjeza, kumbuyo akudzikana.

Sindikunena kuti mavitamini onse ndi chinyengo, ayi. Folic acid, mtundu wina wa vitamini B, anayesedwa m'njira yomweyi ya magulu awiri, ndipo mu 1991 zinatsimikizika kuti amachepetsa kwambiri chilema cha msana ndi ubongo mwa ana obadwa. N'chifukwa chake bungwe la WHO limalangiza amayi oyembekezera kumwa ayironi ndi folic acid tsiku lililonse. Vitamini A wa ana a miyezi 6 mpaka 59 kumene vitaminiyu amasowa, nayenso ali ndi umboni. Izi imwani monga achipatala anenera. Chodabwitsa n'chakuti zimene zili ndi umboni ndi zimene ena amaziiwala m'kabati, n'kuthamangira za pa foni.

Tsono mwachidule, wogulitsa akabwera mufunseni: anayesa pa anthu kapena pa mbewa? Anthu angati? Panali gulu lina losamwa loyerekezera? Analipira kafukufukuyo ndani? Akayamba kukuonetsani mavidiyo m'malo moyankha, bwezani ndalama m'thumba. Botolo lochiza matenda khumi lisiyeni. Mankhwala a BP, shuga, TB kapena ma ARV musasiye popanda dokotala. Ngati mwagula kale, litengeni botololo popita kuchipatala, muwaonetse anamwino awerenge zimene zili mkati musanamwenso.