Yezani mpata wa pisitoni ndi valavu musanalize injini

Camshaft (chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavalavu) yowonjezera mphamvu imatsegula mavalavu kwambiri, ndipo imawasiya otseguka nthawi yaitali kuposa ija yochokera ku fakitale. Pisitoni yokha ikuyendabe m'njira yake yakale. Pisitoni ndi valavu zikagundana, valavu imapindika, nthawi zina pisitoni imang'aluka, ndalama zonse n'kulowa m'madzi.

Amakaniko ambiri amangoyang'ana kutalika kwa lift, kutanthauza mtunda umene valavu imatseguka. Pamenepo si pamene pali ngozi, chifukwa valavu ikatseguka kotheratu pisitoni imakhala ili pansi, kutali. Ngozi ili pa overlap, pamene pisitoni ikufika pamwamba itamaliza kukankha utsi: valavu ya ekizozi ikutseka, ya intake (yolowetsa mpweya) yayamba kale kutseguka. Ya ekizozi imayandikana kwambiri ndi pisitoni pafupifupi madigiri 10 isanafike pamwamba, ya intake pafupifupi madigiri 10 itadutsapo.

Njira yosavuta ndi ya dongo lija ana amaumbira zidole. Matani pamutu pa pisitoni pamene mavalavu amalunjika, pakani oyilo pang'ono pa mavalavu kuti dongo lisakakamire, kenako mangani hedi ndi gasiketi yakale yofanana kukhuthala ndi yomwe mudzaike. Ngati injini ili ndi ma lifter (tizitsulo timene camshaft imakankha potsegula valavu) a hydraulic, oyendera oyilo, ikani olimba poyezapo ndipo musasiye mpata pa rocker, kamkono kamene kamakanikiza valavu. A hydraulic amafwamphuka akakhala opanda oyilo, ndiye amakunamizani kuti mpata ulipo wambiri.

Zungulitsani crankshaft ndi dzanja maulendo awiri athunthu. Sitata ayi. Mukamva kuti yalimba, imani pomwepo, musakakamize. Chotsani hedi, dulani dongo ndi lezala pakati pa chidindo chimene valavu yasiya, n'kuyeza pamene papyapyala kwambiri. Onaninso m'mbali mwa chidindocho, poti valavu yokulirapo imatha kukhula m'mphepete mwa kadzenje ka pa pisitoni kopatsa valavu malo, pomwe pansi pali bwinobwino. Amene ali ndi dial indicator (choyezera chokhala ngati wotchi) ndi masipuling'i ofewa oyezera amapeza nambala yolondola kuposa ya dongo.

Mpata umene ambiri amautsata usachepere 2 mm ku intake ndi 2.5 mm ku ekizozi, kapena kuti 0.080 ndi 0.100 ya inchi. Ekizozi imafuna wochuluka chifukwa imatentha kwambiri n'kutalika, komanso pisitoni imakhala ikuithamangitsa pamene ikutseka. Injini ikathamanga kwambiri sipuling'i n'kuchedwa kubweza valavu, kugundana kumayambira pamenepo.

Mpata ukachepa, kumbukirani kuti kupititsa taimingi ya camshaft patsogolo, kuti mavalavu azitseguka msanga, kumachepetsa wa intake n'kuwonjezera wa ekizozi, kuibweza m'mbuyo kumachita zosiyana. Choncho mukasintha taimingi, yezaninso. Gasiketi yokhuthala imathandiza koma imadya kompuresheni, ndipo ine sindiikonda. Ndi bwino kukulitsa timaenje ta pa pisitoni ngati mutu wake uli wokhuthala mokwanira, makamaka pamene hedi kapena buloko zinapalidwapo kale.